Zobisika m'gemu ya Zelda ndi nkhani ya pemphero limene linachotsedwamo



Ena adabwa kuona kuti ulendo uno tikukamba za magemu. Chatichititsa ndi nkhani ina imene imabwerabwera pakati pa achinyamata ndi m'mauthenga a pafoni, yonena kuti gemu ina yotchuka ya ku Japan inaika mapemphero a Chisilamu m'nyimbo zake, ndipo eni ake anawachotsa Asilamu atakwiya. Mbali ina ya nkhaniyi ndi yoona, mbali ina si yoona. Kuti tisiyanitse ziwirizi, tiyenera kuidziwa kaye gemuyo ndi mmene anthu amene anaipanga ankagwirira ntchito. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Gemuyo ndi eni ake

Dzina lake ndi The Legend of Zelda, ya kampani ya Nintendo ya mumzinda wa Kyoto. Yoyamba inatuluka ku Japan pa 21 Febuluwale 1986, ndipo amene anatsogolera ntchitoyo ndi Shigeru Miyamoto ndi Takashi Tezuka. Miyamoto anakulira kumudzi, ku Sonobe, kumene ali mwana ankayendayenda m'tchire, mpaka tsiku lina anapeza phanga n'kulowamo ndi nyali. Gemuyi anaipanga kuti wosewera amve zomwe iye anamva: kusochera, kufufuza, kenako kupeza.

Chinthu choyamba chimene ambiri amaphonya ndi dzina. Mnyamata wa zovala zobiriwira amene wosewera amamuyendetsa si Zelda, ndi Link. Zelda ndi mwana wamkazi wa mfumu amene Link akupita kukamupulumutsa. Dzinalo Miyamoto analitenga kwa Zelda Fitzgerald, mkazi wa mlembi wa ku America F. Scott Fitzgerald, chifukwa linkamukomera m'khutu.

Zobisika zimene zinabadwa mwangozi

Munthu akamaliza gemu yoyambayo, imayambiranso ndi ulendo wachiwiri wovuta kwambiri, mapanga atasintha malo ndi maonekedwe. Ulendo umenewu sunali m'mapulani oyamba. Tezuka analakwitsa pokonza mapu, n'kugwiritsa ntchito theka lokha la malo osungiramo zinthu amene anali nawo. M'malo mokonzanso zonse, anagwirizana zodzaza theka lotsalalo ndi mapanga atsopano. Ndipo amene walemba ZELDA ngati dzina lake poyamba gemu amalowa mu ulendo wachiwiriwo nthawi yomweyo. Mapu a mapanga asanu oyamba a ulendowu ali ngati zilembo, ndipo mukazisanja bwino zimapanga dzina lomwelo la ZELDA.

Palinso kachilombo ka makutu aatali ngati a kalulu, kotchedwa Pols Voice. Makina a ku Japan otchedwa Famicom anali ndi maikolofoni pa chogwirira cha wosewera wachiwiri, ndipo mwana akakuwirapo, tizilomboti tinkafa. Makina amene anagulitsidwa ku America ndi ku Ulaya analibe maikolofoni, koma kabuku ka malangizo ka Chingerezi kanasiyabe mawu akuti kachilomboka kamadana ndi phokoso. Ana ambiri anataya nthawi akukaimbira chitoliro cha m'gemumo, osaphula kanthu, pamene muvi umodzi unali wokwanira. Malangizowo anali oona ku Japan, koma atawoloka nyanja anasanduka osocheretsa.

Nyimbo yotchuka ya Zelda nayonso inabwera modzidzimutsa. Wopeka nyimbo, Koji Kondo, ankafuna kugwiritsa ntchito Boléro ya Maurice Ravel. Ntchito ili pafupi kutha, anazindikira kuti malamulo a umwini anali akuitetezabe nyimboyo, poti Ravel anamwalira mu 1937 ndipo zaka 50 zinali zisanakwane. Kondo anapeka ina usiku umodzi, ndipo ndi imene ikumvekabe mpaka lero.

Zobisika zimene anaziika dala

Si zonse zinali ngozi. Mu Link's Awakening ya mu 1993, ya pa makina a m'manja a Game Boy, muli sitolo imene uta umagulitsidwa pa mtengo wa 980, ndalama za m'gemumo. Wosewera wochenjera akhoza kunyamula utawo, kumuzungulira mwini sitolo mpaka ayang'ane kumbali, n'kutuluka osalipira. Gemu imalola. Koma kuyambira pamenepo dzina limene unalemba poyamba limafufutika, ndipo aliyense amakuitana THIEF, kutanthauza mbava, mpaka gemu ithe. Ukabwereranso m'sitolomo, mwini wake amakukantha ndi mphezi. Amene analemba zimenezi anadziwa kuti ana ena adzayesa kuba, ndipo anawakonzeratu yankho.

Chitsanzo china ndi dzanja la Link. Kwa zaka zambiri iye ankagwira lupanga kumanzere. Mu 2006, potulutsa Twilight Princess pa makina a Wii, amene wosewera amagwedeza chogwirira ngati lupanga, anaona kuti anthu ambiri ndi akumanja. M'malo mojambulanso Link yekha, anatembenuza dziko lonse la m'gemumo ngati pagalasi, kum'mawa kukhala kumadzulo.

Zizindikiro za zipembedzo

Tsopano tiyandikire nkhani yathu. Gemu ya mu 1986 inali ndi zinthu zingapo zotengedwa ku zipembedzo. Pa chishango cha Link panali mtanda. Buku lina limene amalipeza m'phanga linkatchedwa Baibulo ku Japan, koma potumiza ku America analisintha dzina kukhala buku la matsenga, chifukwa nthambi ya Nintendo ya kumeneko inali ndi lamulo lopewa zachipembedzo m'magemu ake. Phanga lachitatu lili ndi mapu ooneka ngati manji, chizindikiro chakale cha Chibuda chimene ku Japan chimasonyeza kachisi pa mapu, ngakhale ku Ulaya ambiri akachiona amakumbukira chipani cha Nazi. Apa tikuona chizolowezi cha opangawo: ankatola zinthu za miyambo ya ena chifukwa chooneka bwino, osafunsa kulemera kwake kwa eni ake.

Kachisi wa Moto

Pa 21 Novembala 1998 kunatuluka Ocarina of Time pa makina a Nintendo 64. M'gemuyi muli malo otchedwa Fire Temple, Kachisi wa Moto, mkati mwa phiri lophulika. M'makatiriji oyambirira, timabokosi tija tolowetsa m'makina, nyimbo ya malo amenewa ili ndi mawu a anthu akulakatula m'Chiarabu, ndipo mawuwo ndi a mapemphero a Chisilamu. Izi n'zoona. Sanajambule okha mawuwo. Anawatenga pa CD ya mawu ojambulidwa kale, ya mtundu umene opeka nyimbo amagula kuti azidulamo tizidutswa, ndipo kachidutswa komweko kanamvekanso m'magemu a makampani ena.

N'zoonanso kuti mawuwo anachotsedwa, n'kuikapo kung'ung'udza kopangidwa ndi makina kopanda mawu. Koma mbali yakuti anawachotsa chifukwa Asilamu anakwiya sigwirizana ndi masiku. Mkati mwa gemu iliyonse munalembedwa tsiku limene inamalizidwa. Mtundu woyamba unamalizidwa pa 21 Okutobala 1998, wachiwiri pa 26 Okutobala, ndipo wachitatu, umene ulibe pemphero lija, pa 12 Novembala. Onse atatu anatha gemu isanafike m'sitolo. Ndiye kuti kampaniyo inaona vutolo yokha anthu asanaigule, koma mitundu yoyambayo inagulitsidwabe. Mu mtundu wachitatu womwewo anasinthanso magazi a Ganondorf, mdani wamkulu wa m'gemuyi, kuchoka ofiira kukhala obiriwira.

Pali chinanso chimene chinatenga nthawi yaitali. Ganondorf ndi mfumu ya mtundu wa m'chipululu wotchedwa Gerudo, umene gemuyi imausonyeza ngati wa mbava, ndipo chizindikiro chawo chinali mwezi ndi nyenyezi. Chinakhalapo m'makatiriji onse a Nintendo 64, mpaka gemuyi itatulukanso pa makina a GameCube mu 2002 ndi 2003, m'pamene anaikapo china. Tikumbukire kuti mwezi ndi nyenyezi si lamulo la Qur'an kapena Sunnah. Chizindikirochi chinafala kwambiri kudzera mu ufumu wa Ottoman. Komabe dziko lonse limachiona ngati cha Asilamu, ndipo kuchipereka kwa mbava za m'chipululu kumaphunzitsa mwana kanthu kena mwakachetechete, ngakhale palibe amene wanena mawu.

Tikutolapo chiyani?

Sitikuchepetsa cholakwacho. Mawu otchula Allah si zokometsera nyimbo ya malo omenyerana ndi zilombo, ndipo kusadziwa kwa amene anawaikamo sikuwasandutsa oyenera. Koma sitiloledwanso kuwonjezera pa zimene zinachitika. Palibe chiwawa chimene chinawakakamiza, ndipo makope amene kampaniyi imagulitsa masiku ano alibe mawuwo. Surah Al-Hujurat, ndime 6, imatilamula kufufuza nkhani tisanaichitirepo kanthu, ndipo lamuloli silisiya kugwira ntchito chifukwa nkhaniyo ikutikomera kapena ikutipsetsa mtima.

Kwa inu ophunzira, onani kuti chilichonse cha m'gemu chinaikidwa ndi munthu: china chifukwa malo anachepa, china molakwitsa, china dala. Zolowerani kufunsa kuti anaika ndani, ndipo chifukwa chiyani. Funso limeneli lidzakuthandizani pa mafilimu, pa nyimbo, ngakhale pa mabuku a m'kalasi.

Kwa inu makolo, kulanda foni n'kosavuta, koma sikukuuzani zimene mwana waona kale. Tsiku lina khalani naye pambali, mumufunse kuti akusewera chiyani, mdani ndi ndani, wavala chiyani, nyimbo ikuti chiyani. Mudzadabwa kuchuluka kwa zimene akudziwa. Mukatero, kukambirana za nthawi ya Swala ndi ya homuweki kudzayenda mosavuta, chifukwa adzaona kuti mwayamba mwamumvetsera.

Ndipo uthenga wa Kachisi wa Moto ukadzafikanso pafoni yanu, musanautumize kwa ena, kumbukirani masiku aja: 12 Novembala anakonza, 21 Novembala anayamba kugulitsa.