Kuunika m'thupi ndi MRI ndi PET: zoyenera kudziwa musanapite

MRI ndi PET ndi njira zojambulira m'kati mwa thupi popanda opaleshoni. MRI imaonetsa maonekedwe a ziwalo, pomwe PET imaonetsa momwe ziwalozo zikugwirira ntchito.

Kodi MRI imagwira ntchito bwanji?

Makinawa amajambula pogwiritsa ntchito maginito amphamvu kwambiri, ndipo satulutsa cheza chonga cha X-ray. Amaonetsa bwino ubongo, msana ndi minofu. Pa kafukufuku wa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2015, MRI inathandiza kuzindikira kuti kutupa kwa ubongo ndiko kumapha ana ambiri odwala malungo a muubongo. Masiku ano kulinso makina ang'onoang'ono okankhidwa mpaka pabedi la wodwala, ngakhale zithunzi zake sizioneka bwino ngati za makina aakulu.

Nanga PET?

Wodwala amabayidwa mankhwala ofanana ndi shuga otchedwa FDG, omwe amatulutsa cheza chochepa. Maselo ambiri a khansa amadya shuga wochuluka, choncho amawala pa chithunzi. Cheza cha mankhwalawa chimachepa ndi theka pa mphindi 110 zilizonse, motero sangasungidwe nthawi yaitali. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe PET imapezekera m'mizinda yowerengeka, monga Johannesburg ndi Cape Town.

Dziwani kuti malo omwe agwidwa ndi TB nawonso amawala. Chithunzi chokha sichitsimikiza khansa. Kawirikawiri madokotala amatapa kachidutswa ka mnofu kuti akakapime.

Zoyenera kuchita

- Musanalowe mu MRI, uzani achipatala ngati muli ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda, zitsulo zoikidwa pa opaleshoni, kapena chitsulo chomwe chinakulowani m'diso. Maginito angathe kuchisuntha ndi kukuvulazani.
- Vulani ndolo, wotchi ndi lamba, ndipo siyani foni panja.
- Nenani ngati muli oyembekezera, mukuyamwitsa, kapena muli ndi matenda a impso, shuga kapena TB.
- Musanajambulidwe ndi PET, musadye kwa maola 4 mpaka 6, koma madzi mungamwe.
- MRI imachita phokoso lalikulu ndipo mumagona pamalo opanikizika. Ngati mumaopa malo otere, nenani msanga.

Kujambula kwenikweniko sikupweteka. Gonani osagwedezeka kuti chithunzi chituluke bwino.