Masika m'chaka cha njala: funso lovuta m'mipingo ya ku Chiwamba

Mwezi wa Juni ukafika, chimanga chitalowa m'nkhokwe, mipingo yambiri ya m'midzi ya boma la Lilongwe imayamba kulengeza za masika, chomwe ndi chopereka cha zokolola chimene mkhristu amatula ku tchalitchi pothokoza Mulungu chifukwa cha mvula ndi mphamvu zolimira. Mwambowu ndi wakale ndipo kwa zaka zambiri sunkafuna kukambirana, koma kuyambira 2024 wakhala nkhani yolemera ku Chiwamba monganso ku Nsaru, Kabudula, Nambuma, Mpingu ndi Namitete. Chaka chimenecho ng'amba yobwera ndi nyengo ya El Niño idawotcha mbewu m'minda, ndipo mu Malichi boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi ya njala. Izi zidachitika patangopita miyezi inayi kuchokera pamene mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo wa feteleza udakwerabe mpaka thumba la makilogalamu 50 lidadutsa K100,000. Banja limene lidakolola zochepa lidalowanso m'nyengo yotsatira lilibe chothira m'munda, kotero kuti njala ya chaka chimodzi idabala ina.

Pa tchalitchi china cha njerwa zootcha kufupi ndi Chiwamba, tsiku la masika lidaonetsa poyera kukula kwa vutoli. Pamalo pamene zaka zabwino pankaunjikidwa matumba mpaka kubisa guwa panali madengu ochepa, mtedza wosasenda m'timatumba ndi nkhuku ziwiri zomangidwa miyendo. Pakati pa opereka panali mayi wamasiye wokalamba, wolera adzukulu anayi amene makolo awo adamwalira, yemwe adayenda kuchokera kumudzi kwawo atasenza lichero la chimanga cha makolo. Chimangacho chinali chotonola bwino, chopeta, chopanda ndi njere imodzi yomwe yofumbwa, ndipo aliyense wodziwa za kumunda adaona kuti mayiwo adasankha chimanga chabwino kwambiri pa chochepa chimene adapeza. Adavala chitenje chawo cha mpingo chimene chidasuluka ndi kuchapa, ndipo atafika kutsogolo adagwada, natula licherolo ndi manja awiri, kenaka adabwerera pamalo pawo akuyimba limodzi ndi anzawo. Anthu onse m'tchalitchimo ankadziwa kuti nkhokwe ya mayiwo siikadafika ngakhale mu Seputembala, ndiponso kuti pofika Januwale banjalo lidzakhala likudalira ganyu ndi nsima ya gaga. Mlembi ataimirira kuti awerenge maina ndi kuchuluka kwa zimene aliyense wapereka, amayi ena amene adabwera chimanjamanja adaweramitsa mitu, ndipo ena mwa iwo sadaonekenso ku mapemphero kwa masabata angapo.

Lichero limeneli ndilo lidagawa maganizo a akuluakulu a mpingo. Mbali imodzi imanena kuti kupereka pa nthawi ya kusowa ndiwo umboni wa chikhulupiriro chokhwima, ndipo imatchula nkhani ya mkazi wamasiye wa tindalama tiwiri mu Marko 12 pamodzi ndi ya mkazi wa ku Zarefati mu 1 Mafumu 17, amene adagawira mneneri ufa wake wotsiriza. Kwa iwo, kuletsa wosauka kupereka ndiko kumulanda ulemu wake monga mkhristu, chifukwa kumamusandutsa munthu wongolandira amene alibe gawo pa ntchito ya Mulungu. Amakumbutsanso, ndipo apa sanama, kuti mpingo wa kumudzi umayendera masika omwewo: chakudya cha abusa kapena ansembe, malata a denga ndi thandizo la pamaliro zonse zimachokera m'madengu a alimi.

Mbali inayo siitsutsa mavesiwo, koma imafunsa kuti chimanga cha mayi wamasiye chimapita kuti chikachoka paguwa. Nthawi zambiri masika amagulitsidwa msanga kwa mavenda pamene mitengo ili yotsika, ndalamazo nkulowa m'thumba la chitukuko, ndipo mayi yemweyo akamadzafuna chimanga mu Febuluwale amakachigula kwa mavenda omwewo pa mtengo wokwera kwambiri, mwina ndi ndalama ya katapira, yomwe ndi ngongole yobweza ndi chiwongoladzanja chachikulu. Anthu a maganizo amenewa amatchula 2 Akorinto 8, pomwe chopereka chimayesedwa molingana ndi zimene munthu ali nazo, ndiponso Machitidwe 11, pomwe akhristu a ku Antiokeya adasonkha thandizo la abale awo a ku Yudeya pa nthawi ya njala. Mwa kuona kwawo, chopereka cha m'chaka cha chilala chiyenera kutsikira kwa anjala, ndipo khoma la tchalitchi likhoza kudikira.

Mkanganowu ukukulanso chifukwa cha chiphunzitso chimene chafala kudzera pa wailesi ndi m'misonkhano ya chitsitsimutso, chotchedwa kubzala mbewu, chomwe chimalonjeza kuti wopereka ndalama kwa mlaliki adzalandira zochuluka m'kanthawi kochepa. Munthu wopanikizika amamva msanga lonjezo lotere, ndipo likapanda kukwaniritsidwa amauzidwa kuti chikhulupiriro chake ndicho chidachepa. Palibe katundu wolemera amene angasenzetsedwe munthu wanjala kuposa kumuuza kuti njala yakeyo ndi chizindikiro chakuti Mulungu wamutaya.

Poyang'ana mbali zonse, zikuoneka kuti cholakwika sichinali m'lichero la mayi uja, popeza adapereka mwa kufuna kwawo ndipo palibe amene akadawabweza popanda kuwapweteka mtima. Cholakwika chili pa kuwerenga maina pagulu, kumene kumathamangitsa osauka pa nthawi imene akufunitsitsa mpingo, ndiponso pa kugulitsa chimanga chonse ngati kuti miyezi ya njala siidzafika. Kumene akhristu akhalabe olimba, chowalimbitsa chimaoneka ndi maso. M'miphakati, yomwe ndi magulu ang'onoang'ono a mabanja oyandikana amene amapemphera pamodzi mkati mwa sabata, ndiponso m'mabungwe a amayi, anthu amadziwana bwino kotero kuti nyumba imene simunafuke utsi siingabisike. Iwo ndiwo amalimira odwala, kusonkha ufa pamaliro ndi kuyendera amene asiya kubwera ku tchalitchi chifukwa cha manyazi a zovala kapena a chopereka. Okalamba amene adaona njala ya 2002 amakumbukirabe mpaka lero amene adawagawira chakudya, ndipo amakumbukiranso amene adawatsekera chitseko.

Pa tchalitchi chija nkhaniyi siidathe, ngakhale kuti akuluakulu adagwirizana zosunga gawo la masika m'chipinda chotsekedwa kufikira Januwale, ndipo mlembi tsopano amangolengeza chiwerengero cha zonse pamodzi osatchula maina. Chimene chikusintha popanda msonkhano uliwonse ndi mtundu wa zopereka: alimi ambiri a m'derali ayamba kulima soya ndi mtedza wochuluka chifukwa mbewuzi sizilira feteleza ngati chimanga, ndipo achinyamata amene adapita kukasaka ganyu mumzinda wa Lilongwe amatumiza masika awo pa foni.