Seva Ikadikira Yankho Losabwera

Ndaona amisiri ambiri amene, akangowerenga uthenga wa timeout pa seva, amathamangira kuzula chipangizo chotchulidwacho, monga ngati kutchulidwa ndiko kulakwa. Koma ine ndinena kuti uthengawo uchitira umboni chinthu chimodzi chokha, chakuti seva inafunsa, nidikira nthawi yoikika, ndipo yankho silinadze. Pa PCIe nthawiyo kawirikawiri siipitirira mamilisekondi 50, pamene Linux imalezera mtima disiki ya NVMe kwa masekondi 30.

Tsono popeza kuona maso a nkhono n'kudekha, ine ndimayamba ndi BMC, kakompyuta kaja kamene kamakhalabe maso ngakhale seva itazimitsidwa, bola chingwe cha magetsi chisazulidwe, ndipo ndimawerenga kaundula wake ndi lamulo la ipmitool sel list, kuti ndidziwe chimene chinatsogola, kaya kutentha kaya kugwa kwa mphamvu ya magetsi, pakuti cholakwa choyamba ndicho chimabala zinzake. Wotchi ya BMC ikasiyana ndi ya Linux, umboni wonse umasokonezeka, choncho ndimaziyerekeza kaye.

Pambuyo pake ndimasamutsira khadi yotchulidwa mu uthengawo pa malo ena. Vuto likaitsatira, yodwala ndi yomweyo, koma likatsala, ndimayang'ana chingwe, bolodi, ndi firmware yakale imene mwina wopanga anaikonza kale.