MAPLATELETI NDI KUFALIKIRA KWA KHANSA M'THUPI

Mukadzitema ndi khasu kapena mpeni, magazi amatuluka kwa kanthaŵi kenaka nkuleka. Ntchito yotseka balalo imayambidwa ndi tinthu tating'onoting'ono ta m'magazi totchedwa maplateleti. Timapangidwa m'mafuta a m'mafupa ndipo timakhala masiku 7 mpaka 10. M'kadontho ka magazi kochepa ngati mutu wa phini mumapezeka maplateleti 150,000 mpaka 450,000. Popanda iwo, mayi pobereka angathe kutaya magazi mpaka kufa.

Kodi khansa imafalikira bwanji?

Khansa imayamba ngati chotupa pamalo amodzi, monga m'bere kapena pakhomo la chiberekero. Pakapita nthaŵi, maselo ena amachoka pachotupapo naloŵa m'mitsempha ya magazi. Ambiri amafera m'njira, pakuti magazi amathamanga mwamphamvu, ndiponso asilikali a m'thupi amaŵapha.

Apa mpamene maplateleti amanyengedwa. Selo la khansa limaŵakopa kuti alizinge monga amachitira pabala. Likafundidwa chotere, asilikali a m'thupi amavutika kulizindikira. Maplateleti amalithandizanso kumatirira kukhoma la mtsempha ndi kutulukira kunja, ndipo amatulutsa zinthu zomeretsa timitsempha tatsopano todyetsa chotupa. Motero khansa imakamera m'mapapo, m'chiŵindi kapena m'mafupa.

Mu 1865 dokotala wa ku France, Armand Trousseau, analongosola za kuundana kwa magazi mwa odwala khansa. Mu 1968 Gabriel Gasic ndi anzake anaonetsa kuti mbeŵa zimene anazichepetsera maplateleti, khansa siinafalikire kwambiri m'matupi mwawo.

Zoyenera kuchita pabanja panu

1. Pitani kuchipatala msanga mukaona chotupa m'bere, chilonda chosapola, kutaya magazi kosayembekezereka, kapena kuwonda popanda chifukwa. Musadikire ululu, pakuti khansa kaŵirikaŵiri imayamba mosapweteka.

2. Amayi, kapimitseni khomo la chiberekero ngakhale mukumva bwino. Onetsetsaninso kuti ana anu aakazi alandira katemera wa HPV, amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse la Malaŵi mu 2019.

3. Wodwala khansa akatupa mwendo umodzi ndi kumva kuŵaŵa, kapena akabanika mwadzidzidzi, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mwina magazi aundana mumtsempha.

4. Musamwe asipirini tsiku ndi tsiku mwa inu nokha pofuna kufooketsa maplateleti. Mankhwalaŵa angathe kuchititsa kuti mutaye magazi m'mimba. Dokotala yekha ndiye angakuuzeni ngati akukuyenerani.

Kumbukirani: maplateleti si adani anu ayi, ndipo thupi silingakhale popanda iwo. Chofunika nkupeza chotupa chisanatumize maselo ake m'magazi. Khansa yopezeka msanga kaŵirikaŵiri imachizika, koma ikafalikira imavuta kuchiza. Musachedwe.