Amisiri a mkungudza anapita, fungo linatsala

M'nyumba zambiri za ku Phalombe mukadali kabokosi ka mkungudza. Mukangokatsegula, fungo lake limakukumbutsani mmisiri amene anakapanga, mwina bambo kapena agogo amene anatisiya kale.

Abambo amenewa sankadziwa kukhala manja lende. M'mawa ali ndi sowo ndi tchizulo, masana ali pansi pa Land Rover yakalekale, sipanala m'manja, kuti ikakwere msewu wamiyala wa ku Fort Lister. Kukabwera alendo, ndi iwo omwe ankawatsogolera ku Sombani, ena mpaka pa Sapitwa, mamita 3,002.

Matabwa a mkungudza chiswe sichidya, n'chifukwa chake aliyense ankawafuna. Mtengowu umamera wokha pa phiri la Mulanje basi, ndipo mu 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko. Koma macheka ndi moto wolusa zaupulula. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha.

Lero bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust likubzala mbande limodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira phirili. Kabokosi kaja kasungeni bwino, amayi. Padzapita zaka zambiri mdzukulu wa mmisiri asanapalenso thabwa lonunkhira chotero.