Galimoto za Liwiro pa Muyeso wa Chigwa cha Shire

Pakati pa zinthu zonse zimene munthu amagula ndi thukuta la zaka zambiri, palibe chimene chimagulidwa ndi maso ndi makutu okha koposa galimoto. Pakuti munthu amene sangagule ng'ombe pa msika wa Ngabu asanaiyang'ane mano, asanaiyendetse kuti aone ngati ikutsimphina, ndi asanafunse za khola limene yachokera, yemweyo adzapereka ndalama zokwanira kudzaza khola lonse chifukwa cha kachizindikiro konyezimira kamene kali pamphuno pa galimoto, ndi chifukwa cha kubangula kwa injini yake. M'nkhani ino ndifuna kuti tiyese galimoto zaliwiro, zija anyamata amazitchula ndi ulemu woyenera mafumu, monga BMW, Mercedes-Benz, Audi ndi Subaru, ndipo tiziyese pa zinthu zitatu motsatana: mtengo wake, kulimba kwake, ndi ulemu wa dzina lake. Bwalo la mlanduwu lidzakhala chigwa cha Shire, kuyambira pa Thabwa kufikira ku Marka, pakuti galimoto imene yatuluka ndi ulemu kuno sidzachita manyazi kwina kulikonse m'Malawi.

Tisayambe ndi kunyoza, pakuti mayina amenewa sanatolede mbiri yawo panjira. Subaru inatenga chikho cha dziko lonse cha mpikisano wa m'misewu yafumbi zaka zitatu zotsatana, 1995, 1996 ndi 1997, ndipo dalaivala wake Colin McRae anapambana nayo mpikisano wa Safari ku Kenya mu 1997. Koma amene afuna kuphunzira ayang'ane mpikisano wa Safari womwewo kuyambira pachiyambi chake mu 1953, pamene unkadutsa m'Kenya, m'Uganda ndi m'Tanganyika, m'matope ndi m'fumbi lofanana ndi lathu. Mu 1963 zinanyamuka galimoto zoposa 80, zinafika zisanu ndi ziwiri zokha, ndipo imene inatsogola inali Peugeot 404, galimoto yofatsa imene makolo athu ankanyamuliramo matumba a chimanga. Inapambananso mu 1966, 1967 ndi 1968. Datsun, m'manja mwa Shekhar Mehta, inapambana zaka zinayi zotsatana kuyambira 1979 kufikira 1982. Koma Porsche, imene pa msewu wosalala wa ku Germany ikadasiya zonsezi ngati zaima, inayesa kangapo m'zaka zimenezo ndipo sinapambane ndi kamodzi komwe. Asaiwalenso wogula kuti galimoto ya McRae inali ndi gulu la amakaniko loidikira pa malo aliwonse opumira, ndi lole yodzaza masipeya. Wogula Subaru yakale ya ku Japan amagula dzina lokha, amakanikowo satsagana nayo.

Ndinati tidzayamba ndi mtengo, koma dzuwa silindilola, pakuti mdani woyamba wa galimoto kuno ndiye kutentha, ndipo ndi nkhani imene anthu ambiri amaimva mokhota. Mwezi wa October ndi wa November, ku Nchalo, ku Ngabu ndi ku Bangula, kutentha kumapitirira madigiri 40. Injini iliyonse imafuna kugwira ntchito madzi ake ali pafupi ndi madigiri 90, ndipo moto wotsala imautaya kudzera mu lediyeta, imene imaziziritsidwa ndi mphepo yochokera kunja. Tsono mphepoyo ikakhala kuti nayonso ndi yotentha ngati yotuluka m'ng'anjo, lediyeta imapeza mpata wochepa wotayira motowo. Injini yaliwiro ndiyo yovutika koposa, chifukwa amisiri ake anafinya mphamvu zambiri m'thupi laling'ono, naipanikiza m'malo othinana mmene mpweya suyenda momasuka. Ndipo zambiri za izo anaziika turbo, kachipangizo kozunguzidwa ndi utsi wamoto wotuluka mu injini, kamene kamazungulira koposa ka 100,000 pa mphindi imodzi, ndipo moyo wake wonse uli m'manja mwa oyilo woyera. Dalaivala amene wathamanga kuchokera ku Nsanje, nafika pa Dyeratu, nazimitsa injini nthawi yomweyo kuti akamwe chozizira, amasiya oyilo ataima pa chitsulo chofiira, ndipo oyiloyo amapserera pang'onopang'ono kufikira tsiku limene turbo idzalira ndi kufa. Mphindi ziwiri zoisiya injini ikulira yokha zikadaipulumutsa.

Pano ndiyenera kudandaula za zolakwa ziwiri zimene ndimaziona kawirikawiri. Choyamba ndi cha madzi. Ndi chodziwika kuti mijigo yambiri ya m'Chikwawa ndi m'Nsanje imatulutsa madzi amchere, ndipo munthu amene sangathe kuwamwa amawathira mu lediyeta wopanda kuganiza kawiri, nanena kuti chitsulo sichimva kukoma. Chitsulo chimamva ndithu: mchere umadya timachubu topyapyala ta lediyeta ndi kutseka njira za madzi, ndipo mutu wa injini za masiku ano, umene ndi wa aluminiyamu, ukatenthedwa kamodzi kokha mopitirira umapindika, gasiketi nipsa, madzi nasakanizika ndi oyilo. Mankhwala aja obiriwira kapena ofiira amene amathiridwa mu lediyeta si okongoletsa ayi. Amaletsa dzimbiri, ndipo pamodzi ndi chivindikiro chogwira bwino amachedwetsa kuwira kwa madzi, kuti asawire pa madigiri 100 monga a mumphika. Chachiwiri ndi chizolowezi chochotsa thermostat, pokhulupirira kuti inapangidwira maiko a chisanu. Galimoto imene ikutentha ili ndi nthenda yake, kapena lediyeta yatsekeka, kapena fani yafooka, kapena pampu yatha. Kuchotsa thermostat kumangobisa nthendayo, ndipo pa galimoto yolamulidwa ndi kompyuta kumainamiza kuti injini ikadali yozizira, kotero imathira mafuta ochuluka tsiku lonse. Injini yakale ya dizilo ya Land Cruiser kapena ya Hilux imakhululukira zolakwa zotere kangapo, pakuti inamangidwa yolemera ndi yosafulumira. Ya BMW ilibe chifundo chotero.

Wina adzati, nanga pa phiri? Indedi, apa ndi pamene galimoto yaliwiro ili ndi mawu. Kuchokera ku Blantyre, mzinda wokhala pamwamba mamita oposa 1,000, msewu umatsika mokhotakhota kufikira pafupi ndi mlatho wa Kamuzu pa Shire, pamene nthaka ili mamita pafupifupi 100 okha pamwamba pa nyanja yamchere. Ndipo pa makona amenewo galimoto ya ku Germany imagwira phula mokhulupirika, mabuleki ake ndi aakulu, ndipo siyendayenda thupi monga Hilux yopanda katundu. Ndinganame ndikakana zimenezi. Koma mabuleki abwino apusitsa ambiri, amene amatsika phiri lonse phazi lili pa buleki, ena mpaka kuchotsa giya kuti asunge mafuta. Tsono mabuleki amatentha, mafuta ake amawira, ndipo phazi limamira pansi galimoto ili chipitire. Wotsikira ku Thabwa aike giya yaing'ono, injini ndiyo igwire galimoto, kaya akuyendetsa Benz kaya Probox. Ndipo akafika pansi, pamene msewu wa M1 wawongoka pakati pa minda ya nzimbe, ndipo mtima ukumuuza kuti ayese liwiro la makilomita 250 pa ola limene a ku Germany amalekezera galimoto zawo zambiri, kapena 180 amene a ku Japan amalekezera zawo, adzapeza kuti msewuwo ali nawo eni ake: ng'ombe, mbuzi, ngolo, njinga zosenza makala, a kabaza, ndi ana a sukulu. Kuthamanga si kufika, ndipo ndalama zimene analipirira liwiro zagula chinthu chimene sadzachigwiritsa ntchito popanda kuika moyo wa munthu pachiswe.

Za madzi osefukira sindidzachulutsa mawu, pakuti amene anaona January wa 2015, ndi namondwe Ana mu January 2022, ndi Freddy mu March 2023, safuna mphunzitsi. Chimene ambiri sadziwa ndi ichi, kuti galimoto yaliwiro anaimanga yogwada pansi, ndipo pakamwa pake popumira mpweya pamakhala pafupi ndi nthaka. Injini ikameza madzi, ngakhale odzaza kapu imodzi, madziwo safinyika monga mpweya, ndipo zitsulo za m'kati zimapindika nthawi yomweyo. Ndicho chifukwa chake Land Cruiser za zipatala ndi za mabungwe zimene zimapita ku Makhanga ndi ku Muona zili ndi chipaipi chokwera m'mbali kufikira kudenga. Matayala opyapyala, okongola pa ukwati, sachedwa kung'ambika pa dzenje limodzi la msewu wa kutsidya kwa Shire.

Tsopano ndifike pa mfundo imene ndimaikonda koposa zonse, imene ndikadakonda ikadalembedwa pa khomo la aliyense wogulitsa galimoto. Anthu amaganiza kuti galimoto yolimba ndi imene siwonongeka. Galimoto yotero kulibe pansi pano. Zonse zimadwala, ndipo zonse zidzafa. Kulimba kwenikweni kuli m'funso ili: ikadwala pa Bangula dzuwa likulowa, kodi idzachira liti, ndipo m'manja mwa yani? Corolla, imene inayamba kupangidwa mu 1966, Hilux ya 1968, Probox ya 2002 ndi Sienta ya 2003 zachuluka m'dziko muno kotero kuti makaniko wa pansi pa mtengo amazidziwa ngati ana ake; sipeya ikasowa pa Nchalo, imakwera minibasi ku Limbe m'mawa, ndipo madzulo galimoto ili pamsewu. Koma Audi ikayatsa kanyali kake kachikasu, choyamba pafunika munthu wa kompyuta woti amve chimene ikudandaula, ndipo munthuyo ali ku Blantyre. Chachiwiri pafunika lole yoinyamula kukwera nayo phiri. Chachitatu pafunika mbale wa ku Johannesburg woti akagule kachipangizoko ndi kukatumiza pa basi, ndipo mwini amakhala masabata akuyenda pa kabaza, makiyi a Audi ali m'thumba. Galimoto ziwirizi mwina zadwala nthenda yofanana, ndipo mwina ya ku Germany imadwala kamodzi pamene inzake yadwala kawiri. Komabe imodzi yataya tsiku, inayo yataya mwezi. Kulimba tsono sikukhala m'chitsulo mokha, kumakhalanso m'manja mwa anthu ozungulira chitsulocho. Umboni wake ndi Mercedes yakale ya mtundu wa W123, imene inayamba mu 1976: inagwira ntchito ya takisi m'maiko ambiri a Africa zaka makumi, chifukwa inalibe kompyuta, ndipo aliyense wodziwa sipanala ankatha kuikonza. Dzina ndi lomwelo lero, koma galimoto ndi ina.

Toyota nayo isadzitame mopitirira. Injini zake zina zotchedwa D-4, pamodzi ndi GDI za Mitsubishi, zimanyansidwa ndi petulo wauve, ndipo wa m'zigubu wa masiku a kusowa kwa mafuta wazizunza kwambiri. Magiya a CVT amafa msanga akathiridwa oyilo wa magiya wamba. Ndipo kuchuluka kwa masipeya kwabala masipeya achinyengo, okongola bokosi lokha.

Za mtengo, zimene ndinalonjeza poyamba, ndinene mwachidule. Mtengo wolembedwa pa intaneti ndi chiyambi chabe: pali sitima kufikira ku Dar es Salaam, ulendo wodzera pa Songwe, ndi msonkho wa MRA, umene umakula ndi kukula kwa injini ndi ukalamba wa galimoto, ndipo popeza masipeya amagulidwa kunja, pamene kwacha inagwa ndi 44 pa 100 mu November 2023, mwini BMW anamva ululu woposa wa mwini Probox. Ku Japan galimoto zimatsika mtengo msanga chifukwa cha chiyeso chodula chimene boma limafuna pakatha zaka zitatu, ndi pa zaka ziwiri zilizonse pambuyo pake. Koma BMW yakale ikatsika kuposa Corolla ya msinkhu wake, safunsa anadya phula.

Latsala dzina, ndipo sindidzalipeputsa, pakuti ulemu ndi chinthu chenicheni, ndipo mnyamata wobwera kuchokera ku Joni ndi BMW, zimene zakhala zikupangidwa ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria kuyambira 1973, amauza mudzi wonse osatsegula pakamwa kuti sanapite kukasewera. Benz inasanduka chizindikiro cha ukulu kotero kuti mu 2012, pamene Mayi Joyce Banda anafuna kuonetsa kuti boma lidzichepetsa, analengeza zogulitsa ndege ya pulezidenti ndi ma Benz 60 a nduna. Koma m'chigwa muno ulemu uli ndi maso ena. Mlimi wa thonje ndi mwini ng'ombe amalemekeza galimoto imene inanyamula mayi wodwala usiku wa mvula kukafika naye ku chipatala cha Trinity ku Muona kapena cha Montfort pa Nchalo, ndipo chikomekome cha mkuyu amachidziwa bwino. Pa tsiku logulitsa, Hilux ya zaka khumi ndi zisanu imapeza ogula atatu sabata isanathe, ena a iwo ochokera ku Mozambique, pamene mwini Audi amatsitsa mtengo kawiri ndi katatu, nayenera kupita nayo ku Blantyre kapena ku Lilongwe kuti akapeze woifunsa.