Chizungu cha m'kabuku ka kuchipatala

Pafupifupi khomo lililonse kuno ku Dedza lili ndi timabuku ta kuchipatala, tokulungidwa m'jumbo pansi pa matiresi. Kabukuko kamanena za thupi la mwiniwake, koma nthawi zambiri mwiniwakeyo sangamve zomwe zalembedwamo. Wodwala amadandaula m'Chichewa, adokotala amafunsa m'Chichewa, koma cholembera chikangofika papepala zonse zimasanduka Chingerezi chodukizadukiza. N'zosadabwitsa. Ku College of Medicine, yomwe inatsegulidwa mu 1991 ndipo lero ili mbali ya KUHeS, ngakhalenso ku Malawi College of Health Sciences, amaphunzira m'Chingerezi.

Tsono ntchito yomasulira imagwera ifeyo achinyamata. "Iwe unapita kusukulu, tandiwerengera apa." Ineyo ndakhalapo gadiyani wa agogo anga kangapo, ndipo chomwe ndaona n'chakuti vuto lalikulu silikhala pa mawu ataliatali aja. Limakhala pa mawu omwe timaganiza kuti tikuwadziwa.

Tiyambe ndi malungo. Kwathu munthu akatentha thupi, akamanjenjemera, akamva kuphwanya m'thupi, amati ndi malungo basi. Koma Chingerezi chimasiyanitsa: fever ndi kutentha thupi, pomwe malaria ndi matenda obwera ndi udzudzu omwe amapezeka poyeza magazi. Chaka china mu July agogo anga atawabaya chala, m'kabuku munalembedwa kuti MRDT -ve, kutanthauza kuti tizilombo ta malungo sanatipeze. Iwo anakhumudwa kuti awamana LA. "Mdzukulu wanga, thupi ndi langa, malungo ndimawadziwa ine," anatero. M'munsi mwake munalembedwa pneumonia, chibayo, ndipo chibayo sichimva LA.

Nkhaniyi kuno n'njofunika kuposa kwina. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo chisanu cha June ndi July ku Bembeke sichiseka ndi munthu. Nyengo imeneyi chifuwa chimachuluka. Mwana akamatsokomola, akamapuma mofulumira, m'munsi mwa nthiti mukamalowa mkati akamakoka mpweya, achipatala amalemba fast breathing ndi chest indrawing. Zimenezo si zodikira kuti kuche.

Liwu lina losokoneza ndi mtima. Mayi akati "mtima ukundivuta", mwina akunena chilungulira, chomwe ndi heartburn. Mwina mtima ukugunda mothamanga, palpitations. Mwina ndi chest pain, ululu wa pachifuwa, kapenanso ndi nkhawa chabe poti fetereza wakwera. Womasulira akathamangira kunena kuti heart problem, wasokeretsa adokotala. Magazi nawo ndi chimodzimodzi: kuchepa magazi ndi anaemia, ndipo m'kabuku mumaoneka Hb ndi nambala, kuthamanga magazi ndi hypertension, ija timangoti BP. Kungoti "ali ndi vuto la magazi" sunanene kanthu.

Chichewa chathu sichiperewera pofotokoza ululu, ndipo pafupifupi liwu lililonse lili ndi mnzake. Kubaya ndi sharp pain, kuwotcha ndi burning, kupotokola m'mimba ndi cramps, chizungulire ndi dizziness, nseru ndi nausea, kubanika ndi shortness of breath. Kuphwanya m'thupi amangolemba GBP, general body pains. Dzanzi ndi numbness, koma dzanzi kapena kufooka kwa mbali imodzi ya thupi, pakamwa n'kupotoka, mawu osamveka, imeneyo ikhoza kukhala sitiroko. Pezani galimoto nthawi yomweyo.

Nanga zovulala? Amene amayenda pa kabaza mumsewu wa M1, pakati pa Linthipe, Chimbiya ndi Dedza boma, awadziwe mawu atatu awa. Sprain ndi kubinya, fracture ndi kuthyoka fupa, dislocation ndi fupa kuchoka m'malo mwake. Onsewa amatupa mofanana, choncho wokoka mwendo kumudzi akhoza kuonjezera ngozi. Munthu akamenyetsa mutu, funso loyamba limakhala ngati anakomoka. Apanso samalani, chifukwa liwu loti kukomoka timaligwiritsa ntchito pawiri. Kugwa n'kukhala chete osadziwa kanthu ndi unconscious, koma thupi kuuma, kugwedezeka, maso n'kutembenuka, ndi convulsions. Nenani zomwe maso anu aona ndi mphindi zomwe zatha.

Nyengo yowotha moto ana amapsa kwambiri. Burn ndi kupsa kulikonse, scald ndi kupsa ndi madzi otentha kapena phala. Thirani madzi ozizira kwa mphindi 20, osapakapo dzira kapena Colgate, kenako ulendo. Alimi a kachewere ndi tomato, wina akadwala atapopera mankhwala, tengani botolo lake popita. Dzina lili pabotolopo lithandiza kuposa Chizungu chanu chonse.

Tsopano timalemba tija ta pamankhwala. OD ndi kamodzi patsiku, BD kawiri, TDS katatu, QID kanayi, nocte ndi usiku pogona. Mukaona 5/7 ndiye kuti masiku asanu, 2/52 masabata awiri, 1/12 mwezi umodzi. R/V ndi tsiku lobwereranso kukaonedwa, ndipo refer KCH ndiye kuti akutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Liwu lomwe ndimati aliyense aliloweze ndi allergy, kuwengedwa. Ngati Bactrim inakutulutsanipo zidzolo, nenani, ndipo pemphani alembe poonekera, chifukwa Fansidar ndi wa gulu lomwelo la sulfa.

Abale opita ku Joni, kumeneko nesi samva Chichewa. Mmalo moti "I have malaria", muuzeni kuti mwatentha thupi masiku angati komanso kuti mwachoka ku Malawi posachedwa. Akatero adziwa kuti ayeze malungo, omwe ku Johannesburg sawaona kawirikawiri.

Mwina mwaona kuti mfundo ndi imodzi: ntchito ya gadiyani ndi kufotokoza zizindikiro, kutchula matenda n'kwa adokotala. Nenani pomwe pakupweteka, mmene pakupwetekera, tsiku lomwe zinayamba ndi mankhwala omwe wodwala wamwa kale, azitsamba omwe. Foni ikuthandizeni kumasulira liwu, koma isakulembereni mankhwala. Mukasowa womufunsa, pali alangizi a zaumoyo m'mudzi mwanu komanso Chipatala cha pa Foni, chomwe chinayambira ku Balaka mu 2011. Ndipo kabuku ka munthu ndi chinsinsi chake, musakajambule n'kuponya pa gulupu ya WhatsApp ya banja.

Musanatuluke m'chipinda cha adokotala, funsani m'Chichewa chomwechi: mwapeza chiyani, mankhwalawa amwe bwanji, nanga zikatani tibwerenso msanga? Mzere ukhale wautali bwanji panja, mayankho atatu amenewo ndi ufulu wa wodwala wanu.